Matenda a m'matumbo osatherapo: zimene wodwala amakumana nazo ku Joni

Munthu akamadandaula m'mimba mwezi ndi mwezi kuno ku Johannesburg, ife Amalawi sitichedwa kugamula kuti ndi zilonda zam'mimba. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi amamuletsa tsabola ndi zakumwa za gasi, wina amakamugulira omeprazole, piritsi lochepetsa asidi m'chifu, ku famase, wina amabwera ndi botolo la imbiza, mankhwala azitsamba a kuno, kuti atsuke m'mimba. Ululu ukakula, mwiniwake amang'amba kapepala ka Grand-Pa, kukhuthulira palilime, n'kuthamangira takisi ya kuntchito. Ena mwa anthu amenewa alidi ndi zilonda za m'chifu, ndipo mwayi wawo ndi woti zimenezo zimapola. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, atapeza kachilombo ka Helicobacter pylori mu 1982, zinadziwika kuti zilonda zambiri zimayamba ndi kachilomboka, ndipo mankhwala a masabata awiri, maantibayotiki awiri pamodzi ndi piritsi lochepetsa asidi, amakathetsa. Zilonda zina zimabwera ndi mankhwala opha ululu monga Brufen, diclofenac ndi aspirin. Mu Grand-Pa muli aspirin, choncho amene amamwa ufa umenewu chifukwa cha m'mimba akukulitsa chilonda chomwe akufuna kuchiziziritsa.

Koma pali anthu ena amene omeprazole sawathandiza ngakhale atamwa chaka chonse, chifukwa vuto lawo silili m'chifu, lili m'matumbo. Madokotala amawatchula matenda amenewa mwachidule kuti IBD, ndipo alipo a mitundu iwiri. Woyamba ndi ulcerative colitis, umene umagwira thumbo lalikulu lokha, kuyambira kumapeto kwenikweni kotulukira chimbudzi n'kumakwera m'mwamba mosadumpha, kusupula khungu lam'kati. Wodwalayo amatsegula m'mimba mwa magazi ndi zonanda, ndipo chimbudzi chikamugwira sichimupatsa mpata wodikira. Wachiwiri ndi Crohn's disease, umene unatenga dzina la dokotala wa ku New York, Burrill Crohn, yemwe pamodzi ndi anzake awiri anaufotokoza mu 1932. Uwu umatha kugwira paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kotulukira, koma umakonda pamene matumbo aang'ono amalumikizana ndi thumbo lalikulu, kumunsi kwa mimba chakumanja. Umalowa mwakuya mpaka kuboola thumbo, kupanga zithupsa za mafinya ndi tinjira tomwe sitiyenera kukhalapo, kapena kulichepetsa thumbolo moti chakudya chimavutika kudutsa.

Pa mitundu yonse iwiri, chimene chimachitika ndi chakuti chitetezo cha m'thupi, chomwe ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimatembenukira matumbo a mwiniwake n'kumawatupitsa osalekeza. Chibadwa cha kumtundu chimathandizirapo, tizilombo tokhala m'matumbo timathandizirapo, ndipo kusuta fodya kumaukulitsa kwambiri Crohn's. Sapatsirana. Simungawatenge podyera mbale imodzi kapena pogwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi ndi wodwala. Kale ankawaona ngati matenda a azungu, koma masiku ano zipatala za m'mizinda ya mu Africa zikuwapeza mwa anthu akuda mochulukirachulukira. Kawirikawiri amayamba munthu ali pakati pa zaka 15 ndi 35, msinkhu womwewo umene ambiri a ife timakwerera basi yobwera kuno.

Chimene chimasocheretsa anthu kwambiri ndi kachitidwe ka matendawa. Amabuka mwamphamvu kwa masabata kapena miyezi, kenako amagona, munthu n'kunenepa, n'kubwerera kuntchito. Ali ngati moto wa m'mankhusu a mpunga: pamwamba phulusa lokhalokha, pansi ukunyeka. Akagona panthawi imene wodwala anapita kwa sing'anga kapena kumapemphero a usiku, aliyense amati zatheka, anamudyetsa ndipo zatuluka. Akagona ali pa mankhwala a kuchipatala, wodwala amati ndachira n'kusiya kumwa. Sindikunyoza pemphero, ine ndemwe ndimapemphera. Chimene ndikunena n'chakuti matendawa mpaka lero alibe mankhwala owachotseratu, alipo owagoneka, ndipo amagonabe pokhapokha ngati chisamaliro sichikudukizadukiza. Moyo wa mlendo ku Joni, wosamukasamuka, wa maganyu, wa mapepala osakwanira, umadula chisamaliro chimenechi pena paliponse, ndipo m'pamene ambiri amapwetekera, osati chifukwa choti mankhwala kulibe.

Si aliyense wovutika m'mimba amene ali ndi IBD. Ambiri ali ndi vuto lina lotchedwa IBS, lomwe limatupitsa mimba ndi mpweya, kupotokola, kusinthanitsa kudzimbidwa ndi kutsegula, koma siliwononga matumbo. Zimene ziyenera kumuthamangitsira munthu kuchipatala ndi izi: kutsegula m'mimba kopitirira mwezi, magazi m'chimbudzi, kuonda popanda chifukwa, kudzutsidwa usiku ndi chimbudzi, kutentha thupi kobwerabwera, kuchepa magazi mpaka kupuma mwawefuwefu pokwera masitepe, ndi zithupsa zotuluka mafinya pafupi ndi kotulukira chimbudzi. Ena amatupanso mfundo za miyendo, kufiira maso, kapena kutuluka zilonda m'kamwa. Magazi ambiri timawanamizira matenda a mudzi n'kukhala chete chifukwa cha manyazi. Munthu wa zaka zopitirira 45 akaona magazi asadikire n'komwe, pakuti khansa ya m'thumbo lalikulu imayambanso chomwecho.

Tsopano pali chinthu chimene chimapangitsa kuti kupeza matendawa kukhale kovuta kuno kum'mwera kwa Africa kusiyana ndi ku Ulaya, ndipo n'chofunika kuchimvetsa kuti musamaone ngati madokotala akungokuzungulitsani. Matenda angapo ofala kwathu kuno amafanana kwambiri ndi IBD. Kamwazi woyambitsidwa ndi kachilombo ka amoeba amatulutsa magazi chimodzimodzi. Likodzo la m'matumbo nalonso limatero, ndipo dokotala wa ku Johannesburg mwina sangaliganizire msanga mukapanda kumuuza kuti munakulira ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota kapena kuchigwa cha Shire, mukusamba ndi kuchapa m'madzi a kumeneko. Muuzeni, pakuti mankhwala ake, praziquantel, ndi apafupi. HIV imabweretsa kutsegula m'mimba kosatha, n'chifukwa chake amakuyezani ngakhale mutanena kuti munayezetsa chaka chatha.

Koma mnzake weniweni wa Crohn's ndi TB ya m'matumbo. Ambiri timadziwa TB ngati chifuwa chachikulu, koma imagwiranso matumbo, ndipo imakonda malo omwe aja a kumunsi chakumanja. Zizindikiro n'zofanana, zilonda zikaonedwa ndi kamera n'zofanana, ndipo ngakhale kanyama kotengedwa m'thumbo kakaunikidwa ku labotale nthawi zina sikasiyanitsa bwinobwino. Vuto lili pa mankhwala. A Crohn's amafooketsa chitetezo cha m'thupi dala, ndipo mukawapereka kwa munthu amene ali ndi TB, TB ija imafalikira thupi lonse ndipo ikhoza kupha. Mukapereka mankhwala a TB kwa munthu wa Crohn's, mwamuchedwetsa koma simunamuike pangozi yofanana. N'chifukwa chake m'dziko lodzala TB ngati South Africa, madokotala akakayika amayamba ndi mankhwala a TB, amene amamwedwa miyezi 6, n'kumaona ngati munthu akusintha, ndipo nthawi zambiri amaunikanso ndi kamera kuti aone ngati zilonda zapola. Zikapanda kupola m'pamene amatsimikiza kuti ndi Crohn's. Kwa wodwala iyi ndi miyezi yowawa, amaona ngati akumuyeserera. Ambiri amataya mtima pomwepa, kusiya chipatala chimenecho, kukayambira kwina kumene sadziwa mbiri yake, ndipo kumeneko amayambanso kuyeza kuyambira pachiyambi.

Njira ya m'zipatala za boma ili ndi makwerero. Mumayambira ku kiliniki ya m'dera lanu kapena ku chipatala chaching'ono ngati Hillbrow Community Health Centre. Kumeneko amakulemberani kalata yokutumizani ku chipatala chokulirapo, monga South Rand ku Rosettenville kapena Edenvale, ndipo akatswiri a matenda a m'mimba mumakawapeza ku zipatala zophunzitsira za yunivesite ya Wits: Charlotte Maxeke ku Parktown, Helen Joseph, ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto, chimene chili ndi mabedi oposa 3,000 ndipo ndi chimodzi mwa zipatala zazikulu kwambiri padziko lonse. Kupita nokha ku chipatala chachikulu opanda kalata, ngati simuli mwakayakaya, kumathera pobwezedwa. Mzere wodikira kamera umakhala wautali, ndipo tsiku limene akupatsani likakuphonyani, lina likhoza kukhala patali miyezi.

Za ufulu wa mlendo zimanenedwa zambiri m'matakisi, zina zabodza. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa, a 1996, limati aliyense ali ndi ufulu wofikira chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe amene angakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Limati aliyense, silikunena nzika zokha. Lamulo la National Health Act la 2003 limati chithandizo cha ku kiliniki ndi chaulere kwa amene alibe medical aid. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg, pa mlandu umene bungwe la SECTION27 linakasuma, linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa kwaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lawo kapena mapepala. Mu Novembala 2025 khoti lomweli linaletsa gulu lolimbana ndi alendo la Operation Dudula kufunsa anthu mapasipoti ndi kuwatsekereza pazipata za zipatala. Zimenezi zili m'malamulo, ngakhale tonse tikudziwa kuti pageti pamachitika zina.

Pa chipatala chachikulu pamakhala kulipira. Odwala amaikidwa m'magulu a H0, H1, H2 ndi H3 malinga ndi ndalama zimene amapeza, ndipo pamwamba pake pali gulu lolipira mtengo wonse. Ndondomeko ya momwe alendo azilipirira yakhala ikusinthasintha ku Gauteng, ndipo ambiri ochokera kunja amapezeka aikidwa m'gulu lolipira zonse. Kwa munthu wa matenda a tsiku limodzi zimenezi n'zopirika. Kwa munthu amene azibwera miyezi ingapo iliyonse moyo wake wonse, gulu limene waikidwa tsiku loyamba ndi nkhani yaikulu. Pitani ndi pasipoti, pemiti ngati ilipo, umboni wa komwe mukukhala, ndi pepala la malipiro kapena afidaviti yonena zimene mumapeza. Ngongole ikakula musathawe chipatala, funsani kuonana ndi social worker, ndipo pemphani kulipira pang'onopang'ono. Mukakanizidwa chithandizo, mabungwe a SECTION27 ndi Lawyers for Human Rights amathandiza pa nkhani zoterezi.

Pali chizolowezi china chimene ndikupempha abale anga kuti tichisiye, makamaka pa matenda awa: kutsegula fayilo ndi dzina la munthu wina, kapena kulemba dzina mosiyanasiyana, lero Phiri, mawa dzina la agogo. Ndikumvetsa mantha amene amachititsa zimenezi. Koma zotsatira zonse za magazi, za chimbudzi ndi za tinyama totengedwa m'thumbo m'zipatala za boma zimasungidwa ndi National Health Laboratory Service, ndipo dokotala wa chipatala china cha boma akhoza kuziona pa kompyuta ngati dzina ndi tsiku lobadwa zikugwirizana, kapena ngati muli ndi kastika ka nambala kamene amamata pa khadi lanu akakutengani magazi. Dzina likasintha, mbiri ya zaka zitatu imasowa, ndipo dokotala watsopano sadziwa kuti munamwa kale mankhwala a TB osasintha, kapena kuti mankhwala ena anakupwetekani chiwindi. Jambulani timastika timeneti pa foni. Jambulaninso lipoti lililonse, n'kutumiza zithunzizo kwa m'bale wodalirika pa WhatsApp, pakuti mafoni kuno amabedwa.

Kuunika kwa kamera, colonoscopy, ndiko kumapereka yankho lenileni, ndipo anthu amakuopa kuposa mmene kulili. Kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kamalowetsedwa kotulukira chimbudzi, munthu atapatsidwa mankhwala omuwodzeretsa, ndipo ambiri sakumbukira n'komwe. Chovuta ndi dzulo lake. Masiku angapo m'mbuyo mumasiya nyemba, masamba, mgaiwa ndi zipatso za njere, mapiritsi owonjezera magazi mumawasiya pafupifupi sabata, ndipo tsiku lomaliza mumangomwa zamadzimadzi zoyera pamodzi ndi mankhwala otsuka matumbo. Mayi wina wa kumpingo kwathu, wogwira ntchito ya m'nyumba, amakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Turffontein, pabwalo pamene mabanja angapo amagawana chimbudzi chimodzi chapanja. Anamwa mankhwala ake madzulo, kapu ndi kapu, akuchita nseru ndi mchere wake, ndipo pofika usiku anali atasiya kubwerera m'chipinda, atangokhala pampando pafupi ndi chitseko cha chimbudzi atafunda bulangete, m'nyengo yozizira ya Julaye. Madzi anali atasiya kutuluka m'mipopi kuyambira masana, monga zimachitikira kawirikawiri mumzinda uno, ndipo chinamupulumutsa ndi ndowa zimene mayi woyandikana naye anatungiratu atamuuza zoona zake. "Amayi, mukanabisa bwenzi titatani usiku uno?" anatero mnzakeyo. Matumbo amayenera kuyera mpaka chotuluka chikhale ngati madzi achikasu, apo ayi dokotala saona kanthu ndipo amakubwezani kuti mudzayambirenso. M'mawa mwake pamafunika munthu wokuperekezani, chifukwa mukatsitsimuka simuloledwa kubwerera nokha. Zotsatira za tinyama timene atenga zimatuluka patapita masabata, ndipo tsiku lokazimva ndi lofunika kuposa tsiku la kamera lenilenilo.

Mankhwala nawo ali ndi makwerero. Pa ulcerative colitis yosakula kwambiri amayamba ndi sulfasalazine kapena mesalazine, mapiritsi omwedwa tsiku lililonse ngakhale munthu ali bwino. Mesalazine alinso wolowetsa kumunsi, ndipo ambiri amamusiya m'kabati chifukwa cha manyazi, chonsecho ndi amene amafika pachilonda penipeni. Matenda akabuka amapereka prednisone. Ameneyu odwala amamukonda, pakuti m'masiku ochepa magazi amasiya, chilakolako cha chakudya chimabwerera, mphamvu zimabwerera. Ngozi yake ili pomwepo. Akamwedwa miyezi yambiri amafewetsa mafupa, amatupitsa nkhope, amakweza shuga ndi BP, ndipo amatsegulira njira TB ndi matenda ena. Sasiyidwanso mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono monga dokotala walembera. Munthu amene akumagula prednisone payekha nthawi iliyonse m'mimba mukavuta, osabwerera kuchipatala, akudzikumbira vuto lina lalikulu, ndipo kufuna prednisone kawirikawiri ndi chizindikiro choti akufunika mankhwala a sitepe yotsatira.

Sitepe imeneyo ndi azathioprine kapena methotrexate. Azathioprine amatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti ayambe kugwira ntchito, ndipo amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi poyamba, kenako miyezi ingapo iliyonse, chifukwa amatha kutsitsa maselo oyera a m'magazi kapena kupweteka chiwindi munthu osamva kanthu. Methotrexate ndi woopsa kwa mwana wosabadwa, choncho amene akufuna kutenga pakati anene msanga. Mayi wa IBD akhoza kubereka bwinobwino, makamaka akatenga pakati matenda atagona, ndipo mankhwala ambiri amapitirizidwa ali woyembekezera. Pamwamba pa onsewa pali mankhwala atsopano monga infliximab, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito pa Crohn's mu 1998, operekedwa pa diripi masabata 8 aliwonse, ndi adalimumab, jakisoni wodzibaya wekha masabata awiri aliwonse, amene amasungidwa m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8. Ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo m'zipatala za boma amaperekedwa kwa ochepa amene ena onse awakanika, dokotala atawapemphera mwapadera. Asanakupatseni amayeza TB yobisika, HIV ndi hepatitis B. Kwa ochepa a ife amene ali ndi medical aid, Crohn's ndi ulcerative colitis zonse zili pamndandanda wa matenda okhalitsa amene lamulo limakakamiza sikimu iliyonse kulipirira, ngakhale kuti wolowa kumene ali kale ndi matendawa akhoza kudikiritsidwa miyezi 12.

Nthawi zina matenda amabuka moti kunyumba sikungathekenso. Chimbudzi cha magazi kasanu ndi kamodzi kapena kuposa patsiku, pamodzi ndi kutentha thupi kapena mtima kuthamanga, mimba kufufuma ndi kuuma, kusanza osatulutsa mpweya kapena chimbudzi: zimenezi ndi za casualty usiku womwewo, osadikira tsiku la pa khadi. Ambulansi ndi 10177, kapena 112 pa foni yam'manja. Musamwe Imodium, mankhwala oimitsa kutsegula m'mimba, panthawi yotere, pakuti kuimitsa thumbo lotupa kwambiri kukhoza kulifufumitsa mpaka kuphulika. Mu wodi amaika diripi, amabaya mankhwala a mtundu wa prednisone m'mitsempha, ndipo amabayanso jakisoni woletsa magazi kuundana, zimene zimadabwitsa odwala poti akutaya kale magazi, koma matendawa akabuka amaundanitsa magazi m'miyendo ndi m'mapapo. Pakatha masiku atatu osasintha, madokotala amayamba kukamba za mankhwala amphamvu kapena opaleshoni.

Apa Mmalawi amakumana ndi chinthu chimene sanachizolowere. Kwathu wodwala amagonekedwa ndi gadiyani wake, amene amamuphikira phala, kumusambitsa, kumuperekeza kuchimbudzi, kugona pansi pafupi naye. Kuno kulibe zimenezo. Abale amalowa pa maola oonera odwala okha, ndipo usiku wonse munthu amakhala yekha pakati pa anthu olankhula Chizulu ndi Chisutu, akuthamangira kuchimbudzi akukoka chitsulo cha diripi. Amene timapita kukazonda odwala tiziganizira zimenezi. Sopo, mapepala a kuchimbudzi ofewa, zovala zamkati zosinthira, chaja ya foni ndi munthu womva bwino Chingerezi amene angafike nthawi imene madokotala akuyendera, zimathandiza kuposa mabotolo a zakumwa zotsekemera amene wodwalayo sangamwe n'komwe.

Opaleshoni si kulephera kwa wodwala. Pa ulcerative colitis, kuchotsa thumbo lalikulu lonse kumathetsa matenda a m'thumbomo. Pa Crohn's amadula gawo lowonongeka lokha, ndipo matenda amatha kubwereranso polumikizira, n'chifukwa chake mankhwala amapitirira. Ena amatuluka ndi stoma, kumene ndi kutulutsira nsonga ya thumbo pamimba n'kumatirapo kathumba kolandira chimbudzi, kwa miyezi kapena kwa moyo wonse. Palibe chimene anthu athu amachiopa ngati chimenechi, ena mpaka kukana opaleshoni yowapulumutsa. Kathumbako kakamatidwa bwino sikanunkha ndipo sikaoneka m'kati mwa malaya, munthu amagwira ntchito, amakwera takisi, amakhala pabanja. Zipatala zazikulu zili ndi manesi ophunzira za stoma amene amaphunzitsa kudula kukula kwa bowo ndi kusamala khungu. Nkhawa yeniyeni ndi kupezeka kwa matumbawo mwezi ndi mwezi, ndipo ndi chifukwa chinanso chosatayira fayilo yanu pa chipatala chimene chinakuchitani opaleshoni.

Kuntchito ndiko kumene chisamaliro chimadukira kawirikawiri. Tsiku la kuchipatala limadya tsiku lonse: kufika kusanache kukatenga fayilo, kudikira dokotala, kudikira magazi, kudikira ku famase. Wa m'shopu ku Fordsburg kapena wa m'dimba ku Randburg amaopa kupempha tsiku limenelo kachitatu. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limapatsa wogwira ntchito masiku asanu pasabata masiku 30 odwala olipidwa pa zaka zitatu zilizonse, ndipo wa masiku 6 pasabata amapata 36. M'miyezi 6 yoyamba ndi tsiku limodzi pa masiku 26 aliwonse amene wagwira. Antchito a m'nyumba nawonso ali momwemo. Nthawi iliyonse mukapita, pemphani kalata ya dokotala yokasonyeza abwana, ndipo wochotsedwa ntchito chifukwa chodwala akhoza kukadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito. Ine ndimaona kuti kuuza abwana msanga, ndi kalata m'manja, n'kwabwino kusiyana ndi kubisa mpaka aziganiza kuti kulowalowa m'chimbudzi ndi ulesi. Kubisaku kumachokeranso kwa ife tomwe. Munthu akaonda timayamba kunong'onezana za matenda aja, ndipo wodwala amasiya kubwera kutchalitchi kapena kumzikiti, n'kumadwalira yekha m'chipinda.

Pa zakudya palibe mndandanda umodzi wa aliyense, ndipo chakudya sindicho chinayambitsa matendawa. Akabuka, zofewa zimapepuka: phala la ufa woyera, nsima yofewa, mpunga, mbatata yosenda, nthochi yakupsa, mazira, nsomba, nkhuku yowiritsa. Nyemba, kabichi, mgaiwa, atchar, tchipisi cha mafuta ndi mowa zimavutitsa ambiri panthawiyo, ndipo amene thumbo lake linachepa asamale ndi mtedza, chimanga chokazinga ndi zamitsitsi ngati mango. Matenda akagona, bwererani ku zakudya zonse zimene thupi likulola, pakuti ambiri amadzimana mopitirira mpaka kufooka ndi njala m'malo mwa matenda. Potsegula kwambiri, zipatala za kuno zimaphunzitsa kusakaniza lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 8 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Pa ululu imwani Panado, osati Brufen kapena Grand-Pa, amene amadzutsa matendawa.

Funso limene limafika pa banja lililonse ndi la kumudzi. Foni imalira, amayi akuti, "Mwana wanga, bwera kuno tidzakuone ndi maso, usakafere kuchilendo." Mawu amenewa ndi achikondi, ndipo palibe angawapeputse. Koma ulendo wa basi wochokera ku Park Station kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza umatenga usana ndi usiku n'kupitirira, ndi maola ambiri oima pamalire, ndipo munthu amene akutaya magazi ndi madzi sayenera kuuyamba. Ayambe wagonekedwa, matenda agone, ulendo pambuyo. Kumudzi kamera younikira matumbo iliko ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo prednisolone, mnzake wa prednisone, amapezeka, koma mesalazine, matumba a stoma ndi mankhwala a diripi aja sapezeka mwachisawawa, makamaka kutali ndi mizinda. Amene waganiza zobwerera kwathunthu akambirane ndi dokotala wake miyezi ingapo ulendo usanafike, kuti ngati n'kotheka amusinthire ku mankhwala amene angawapeze kumeneko, ndipo atenge kalata yofotokoza mbiri yonse, lipoti la kamera ndi la labotale, kuti zikalembedwe m'buku lake la kuchipatala.

Wongopita kutchuthi cha Disembala naye akonzekere. Auze dokotala masiku amene adzakhale kulibe, apemphe mankhwala okwanira ulendo wonse ndi masabata ena owonjezera poti mabasi ndi mapepala a pamalire amachedwetsa, awanyamule m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi pepala lolembedwa ndi dokotala, osati m'katundu wa m'ngolo ya kumbuyo. Tsiku lokaonana ndi dokotala likagwera m'kati mwa tchuthi, apite ku kiliniki yakeyo asananyamuke akalisinthitse. Ndipo amene wakhala ndi matenda a m'thumbo lalikulu zaka 8 afunse za kamera yobwereza ngakhale akumva bwino, chifukwa kuyambira pamenepo ngozi ya khansa imayamba kukwera, ndipo madokotala amaunika pakapita chaka chimodzi mpaka zisanu malinga ndi mmene apezera m'thumbomo.